Mapau awiri a Lachiwiri

Sabata yathayi ana a malemu a Padero anabwera kuchokera ku Lichinga kudzawaka manda a atate wawo, pakuti chaka chakwana chiwaikire m'manda. Anabwera ndi simenti, mmisiri wawo, ndi mtanda wachitsulo wolembedwa kale dzina lakuti Matiyasi. Achinyamata a pano pa Kobwe anayamba kufunsana kuti Matiyasiyo ndani, chifukwa kwa ife munthu uja anali a Padero basi, dzina la ntchito yawo yophika buledi. Titatha mapemphero, mwana wamkulu anandipempha kuti ndinenepo mawu, poti ndine ndinayandikana nawo nyumba zaka zonse zimene anawo anali kutali. Ndinaimirira n'kunena zimene anthu amanena pamanda: anali olimbikira ntchito, sankajomba kutchalitchi, ndiwo anayamba kugulitsa buledi wathu ku Likoma. Zonsezo n'zoona. Koma ndinakhala pansi mtima ukundiluma, chifukwa munthu amene ndinamufotokozayo ine sindimudziwa. A Padero amene ndinkawadziwa anali nkhalamba yamwano, youma mutu, ndiponso yosungulumwa kuposa anthu onse amene ndawaonapo.

Uvuni wawo, umene okha ankautcha fornu, anauumba ndi dothi la pachulu kuseri kwa nyumba, moyang'ana kuchilumba. Buledi wake sanali wofewa uja wa m'pepala amene amabwera pa sitima. Anali pau, kabuledi kotalika ngati chikhatho, kolimba khungu, m'kati mofewa. Ntchitoyi anaiphunzira ali mnyamata ku Mtengula, m'khitchini ya asilikali a panyanja, nthawi ya Apwitikizi, ndipo mkono wawo wamanja unali zipsera zokhazokha mpaka m'chigongono. Akaphula, ankatenga pau aliyense n'kumugogoda ndi chala kunsi, khutu lili pafupi. Ankati pau wabwino amayankha ukamugogoda, ndipo amene sanayankhe ankaponyera nkhuku, ngakhale wogula ataima pomwepo ndi ndalama m'manja. Chotupitsa sankagula. Ankasunga kambamu ka mtanda wa dzulo m'kamphika kakuda, n'kumakatcha amake pau, ndipo kamphikako sankalola munthu kukavundukula.

Ine ntchito yanga ndi nkhuni. Ndimatema kumapiri, n'kukagulitsa ku Likoma, kumene mitengo inatha kalekale, ndipo zina ndinkagulitsa kwa a Padero. Zaka zonsezo sindikumbukira tsiku limene analandira mtolo wanga osaunyoza. Ankasolola chikuni chimodzi, n'kuchinunkhiza, n'kuchiyang'ana ngati chawatukwana.

"Make Tereza, izi ndi nkhuni kapena mwanditengera chilango? Mango awa! Mukufuna pau wanga anunkhe utsi ngati usipa?"

Ndinkalumbira kuti sindidzabweranso. M'mawa mwake ndinkapeza pau mmodzi, wofunda, wokulunga m'tsamba la nthochi, ali pamtondo wanga. Mawu akuti pepani sindinawamvepo pakamwa pawo. Chilichonse chimene mtima wawo unkafuna kunena chinkayenera kudutsa kaye mu uvuni, ndipo ndikuganiza kuti vuto lawo lonse linali pamenepo.

Pakhomo pawo panali mpando umodzi, mbale imodzi, kapu imodzi ya chitsulo yothothoka utoto. Ana anawatumizira foni, iwo n'kuiika m'chitini cha mchere kuti isalowe fumbi, ndipo inkalira m'menemo mpaka kutopa. Masana, uvuni ukamazizira, ankakhala pampando uja nkhope kuchilumba. Likoma timaiona ndi maso kuchokera pano, madenga a malata ndi milambe yomwe, koma ndi dziko lina, la ndalama zina ndi mbendera ina. Mlendo akanaganiza kuti akuyang'ana nyengo ya ulendo. Ife tinkadziwa kuti mkazi wawo anagona kumeneko, ndipo sitinkawasokoneza.

Achinyamata amawakumbukira ngati munthu amene dengu lake linkatha dzuwa lisanafike pamutu pa msika wa Mbamba ku Likoma. Aphunzitsi a pachilumba, anamwino, eni tiyirumu, onse ankadikira boti la Lachiwiri chifukwa cha iwo. Anthu ofuna kuyamba kuwolotsa mpunga, tomato kapena nsalu ankabwera kudzafunsa nzeru, ndipo iwo ankawafotokozera moleza mtima, mosiyana ndi chikhalidwe chawo: pepala la pamalire limatengedwa motani, katundu woola msanga sayenda tsiku la mwera, mtengo uzitchula m'kwacha osachita kuwerengera pa zala ogula akuona. Potsiriza ankawauza kuti asanatule katundu pamsika, akayambe aodira pakhomo pamene anamwapo madzi. Achinyamatawo ankaseka, n'kumati ndi nkhani za okalamba. Sankadziwa kuti langizo lomalizalo a Padero analigula modula kuposa onse.

Nkhondo itafika m'midzi yathu, ambiri tinathawira ku Likoma. Ine ndinali kamtsikana. A Padero anawoloka ndi mkazi wawo a Marita, ana awiri, mphika umodzi ndi kabudula amene anavala. Anawalandira ndi amayi Agnesi, mayi wamasiye wa pachilumba pomwepo, amene sanali nawo pachibale ngakhale pang'ono. Nyumba yawo inali m'mbali mwa njira yochokera padoko kupita kumsika, pansi pa mtengo waukulu wa mango. Anawapatsa khitchini kuti azigonamo, kenako anawadulirako munda wa chinangwa, pachilumba pamene munda ndi miyala yokhayokha. Anakhala pakhomopo zaka zisanu ndi ziwiri. Chaka chachitatu a Marita anamwalira. Amayi Agnesi ndiwo anasambitsa mtembo, n'kuukulunga m'nsalu yawo ya kutchalitchi, n'kulera ana aja pamodzi ndi mwana wawo wamkazi, Mariya. Pa zaka zonsezo a Padero anaphika kamodzi kokha, pa Khrisimasi ina, atapeza ufa wa tirigu pang'ono n'kuboola uvuni pachulu. Masiku ena onse ankaswa miyala ndi kusoka maukonde a anthu, ndipo pachilumba ponse dzina lawo linali refuji wa kwa Agnesi. Dzina limeneli linawaotcha kuposa uvuni.

Mtendere utabwera anabwerera kuno, n'kuumba fornu uja. Aphunzitsi ndi apolisi ochokera kummwera, amene anakulira pau, anawalandira ndi manja awiri. Koma Kobwe ndi kamudzi, ukaphika mapau makumi awiri ndiye kuti aliyense wokhoza kugula wagula. Kutsidya kunali chipatala, sukulu ya sekondale, anthu olandira malipiro mwezi ndi mwezi, ndi sitima yotsitsa apaulendo anjala. Akamafotokoza chonchi, aliyense ankavomera kuti nzeru ya malonda ndi imeneyo. Koma chimene chinkawakoka si chimenecho. Ankafuna kukaima pamsika wa anthu amene anawaona akupempha mchere, ali ndi chinthu chawochawo chogulitsa.

Ulendo woyamba anaukonzekera ngati ukwati. Anapita ku ofesi ya pamalire kawiri konse kukafunsa za pepala ndi chidindo. Anandituma kuti ndikawagulire sikono ya kutsidya, n'kuinyema, n'kuinunkhiza, n'kunena kuti anthu odya zoterezi Mulungu awakhululukire. Anafunsa mtengo wake, anafunsa tsiku limene aphunzitsi amalandira malipiro, anafunsa pamene pamakhala mthunzi pamsika. Anasoketsa epuloni yoyera ndi kachipewa kuchokera ku matumba a ufa, n'kugula dengu latsopano ndi nsalu yovundikira. Anazoloweza ngakhale lilime kunena kuti buledi m'malo mwa pau. Amati safunsa anadya phula, koma a Padero anafunsa zonse. Anangosiya chinthu chimodzi chimene ngakhale mwana wa kuno amachidziwa.

Ife a tsidya lino aliyense ali ndi khomo lake ku Likoma, pamene iye kapena makolo ake anasungidwa nthawi ya nkhondo. Ukatsika m'boti supita kumsika usanaodire pakhomopo. Ngakhale uli ndi mtolo pamutu, umaima m'mphepete mwa bwalo, n'kunena odi, n'kufunsa za moyo, n'kumwa madzi. Ukakhala ndi kanthu umasiya, chikuni chimodzi kapena tomato atatu, ukakhala ulibe palibe amene amakufunsa. Si lamulo la boma, palibe chidindo chake. Koma chilumba ndi chaching'ono ndipo chili ndi maso.

Lachiwiri limenelo tinatsika padoko dzuwa litakwera pang'ono, a Padero patsogolo, dengu paphewa, epuloni ili mbuu. Tinafika pa mtengo wa mango uja. Amayi Agnesi anali pakhonde, miyendo yotupa ili tambalale pamphasa, akusenda chinangwa chovuula. Ndinachepetsa liwiro.

"Atate, si pano?"

"Ndikudziwa. Tiyeni, ora ikutha."

Anatembenuzira nkhope kunyanja n'kudutsa. Ine ndinaodira ndekha, ndipo amayi aja anandiyankha bwinobwino osafunsa kanthu.

Kumsika anatula dengu pamwala, pansi pa mlambe. Amayi a pamsika anabwera, anavundukula nsalu, anatosatosa ndi chala.

"Mwadzuka bwanji, a refuji a kwa Agnesi? Koma mwanenepa. Amayi mwawapeza bwanji?"

"Ndiwaona."

"Eya. Nanga buledi wanuyu ndi wa dzana? Kuuma kwakeku."

Anaseka n'kumapita. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, palibe anagula. Titatsala pang'ono kubwerera kunabwera mayi wamfupi wa ambulera, amene a Padero sankamudziwa chifukwa anadzakwatiwa pachilumbapo ife titachoka kale. Dzina lake anali Roda. Anagula mapau awiri, anawamanga pansonga ya chitenje, n'kupita osanena zambiri. M'boti pobwerera a Padero anagawira otsalawo anyamata opalasa ndi ife a nkhuni. Tinadya titayang'ana pansi.

Zinakhala choncho Lachiwiri lililonse. Tsiku la sitima apaulendo ankagulako, azungu oyendayenda nawonso, koma eni chilumba ayi, kupatula amayi Roda ndi mapau awo awiri. A Padero anachepetsa dengu koma sanasiye kupita. Pa mtengo wa mango ankadutsa chimodzimodzi, nkhope kunyanja. Zifukwa anali nazo zambiri, ndipo tinkazimva tonse m'boti, tifune tisafune. Lero ankati Amalawi malilime awo anaonongeka ndi shuga. Mawa ankati eni masikono akuwachitira nsanje. Tsiku lina ankati anthu olamulidwa ndi Angerezi sangadziwe buledi, poti mbuye wawoyo sankamudziwanso. Anatsitsa mtengo. Anasintha malo n'kukakhala pafupi ndi ogulitsa nsomba. Potsiriza anachita chimene analumbira kuti sadzachita: anathira shuga ndi mafuta mu mtanda, mapau n'kutuluka ofewa, osayankha akawagogoda. Tsiku limenelo anayenda ngati munthu wopita kukagulitsa mwana wake. Eni chilumba sanagulebe. Lachiwiri lotsatira amayi Roda anabwera n'kunena kuti pau wa sabata yatha uja sanali wa a Padero weniweni, abwerere ku wakale.

A Padero anakondwa ngati alandira mendulo. Shuga anasiya tsiku lomwelo, ndipo kwa miyezi ankatiuza m'boti kuti pachilumba chonse chija pali pakamwa pamodzi pokha podziwa pau.

Apa ndiyenera kunena za ine, ngakhale sizindikomera. Chifukwa chake ndinkachidziwa kuyambira tsiku loyamba. Boti lonse linkadziwa. Amayi a pamsika anachita kundiuza maso ndi maso kuti ndikamuuze mkulu wangayo kuti iwo sadya buledi wa munthu wodumpha khomo limene linamulera. Mawu amenewa ndinayenda nawo mvula yonse mpaka mwera unabwereranso. Ndinkadziuza kuti mwana sangauze munthu wa msinkhu wa atate wake kuti wasowa mwambo. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa pakamwa pawo, ndipo ndinkaopa kutaya wogula nkhuni zanga.

Ndinawauza tsiku lina masana, akupala phulusa mu uvuni, mutu uli m'kati. Mwina n'chifukwa chake ndinalimba mtima, poti sindinkaona nkhope yawo.

"Atate, nkhani ya kutsidya ija si shuga ayi."

"Ehe, mwasanduka dotolo wa pau? Nenani, sinyora."

"Ndi khomo la amayi Agnesi. Anthu akuti munalidumpha."

Chopalira chinaima. Anatulutsa mutu, nsidze zili phulusa lokhalokha, n'kukhala pachitsa.

"Iwe mwana wanga, ukuyesa ine ndine chitsiru? Ukuyesa miyendo yanga siilemera ndikafika pa mango paja?"

Aka kanali koyamba kunditchula kuti iwe.

"Nanga bwanji simulowa?"

"Pakhomo paja ndinalowapo kamodzi, ndi kabudula mmodzi ndi ana awiri olira. Sete anu, zaka zisanu ndi ziwiri, ndikudya chinangwa cha mayi uja. Mkazi wanga analowa m'nthaka atavala nsalu yake. Ndiye ndikalowenso lero ndi dengu lodzaza zinthu zokanidwa, kuti andimverenso chisoni? Nada, sizitheka. Tsiku limene dengu lidzathe pamsika paja, ndidzagula shuga, masamba a tiyi ndi kapulana, chitenje chatsopano, ndi ndalama ya pachilumba pomwepo. Ndidzalowa masana, anthu akuona, dengu lili pululu. Aone kuti amene anamusunga uja anali munthu."

"Koma atate, dengu silidzatha musanalowe. Anthu agwirizana."

"Litha. Tersa, Lachiwiri likubwerali, kuli sitima."

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti amayi aja akalamba, maso akufa, ndipo safuna shuga wa munthu, akufuna odi basi. Ndinawauzanso kuti zengerezu analinda kwawukwawu. Iwo anandiuza kuti nkhuni zanga ndikagulitse kwa ophika kachasu. Masabata awiri pamtondo panga sipanaoneke pau. Lachiwiri lija linafika, sitima inabwera, dengu linatsala theka, ndipo pa mango paja anadutsa.

Amayi Agnesi anamwalira mwezi wozizira, Lachisanu. Uthenga unabwera ndi asodzi. A Padero anamva ataima pachitsime, anasiya ndowa pomwepo, n'kukakanda ufa wonse umene unatsala m'thumba. Loweruka m'mawa tinawoloka pa mwera woipa, madzi akulowa m'boti, iwo atakumbatira madengu awiri kuti asanyowe. Epuloni ndi chipewa anasiya kunyumba.

Tinafika masana, bwalo litadzaza anthu, amayi akuimba m'nyumba. Pamaliro saodira, munthu umangolowa n'kupeza pokhala. Koma a Padero anaima m'mphepete mwa bwalo, anatula madengu, anavula nsapato, n'kufuula.

"Odi! Odi kuno!"

Anthu anatembenuka. Ena anang'ung'udza. Anaima pomwepo osasuntha mpaka Mariya, mwana wa malemu, anatuluka m'nyumba maso ali psuu. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Lowani, atate. Mphasa yanu ndi iyo."

Analoza pakhonde. Panali mphasa yopindidwa, yotsamira khoma.

"Lachiwiri lililonse amayi ankandiuza kuti ndiyale imeneyo, ndi kutunga madzi abwino. Maso anali atafa, koma ankamva fungo. Ankangoti, Matiyasi wadutsa. Madzulo ndinkaipinda."

A Padero anayang'ana mphasa ija.

"Ine ndinkafuna kukutsatirani kumsika ndikakuyalutseni pagulu," Mariya anapitiriza. "Anandiletsa. Anati Matiyasi sananyade, wasenza manyazi, ndipo munthu wosenza katundu sumuitana kumbuyo, angagwe. Anati adzatula yekha. Ndiye mukadutsa ankamasula mfundo ya chitenje n'kuitanitsa amayi Roda, kuti musabwerere kwanu osagulitsa kanthu."

Amayi Roda anali pomwepo, pakati pa amayi a kutchalitchi. Anadzuka n'kugwada pafupi.

"Pepani bambo, ine buledi wanuyo sindinamulawepo. Mano anga ndi awa mukuwaonawa. Ndinkangotumidwa. Za shuga zija ndi malemuwa ananena. Ankamunyika m'tiyi, ndiye tsiku lija analawa n'kunena kuti uyu si amene Matiyasi anatiphikira pa Khrisimasi, kamuuzeni asadzinyoze."

A Padero sanakhale pamphasa ija. Anakhala pansi, padothi, miyendo ili tambalale ngati mwana, manja ali pamutu. Ndinagwada pambali pawo chifukwa ndinkaopa kuti agwa. Sanalire mokweza. Anangonena mawu amodzi, osayang'ana munthu.

"Wandidyetsanso."

Mapau aja anadyedwa onse pamaliropo, ndi anthu omwe aja amene ankawatosa ndi chala. Anadya ndi tiyi, ena ndi nsomba, n'kumauzana kuti kodi buledi ameneyu amakoma chonchi. A Padero anatsala pachilumbapo mpaka tsiku lometa, akutunga madzi ndi kuwaza nkhuni ngati mwana wa pakhomo, ndipo palibe anawaletsa.

Atabwereranso ndi dengu patapita mwezi, linatha dzuwa lisanafike pamutu. Amayi a pamsika anachita kulimbirana. Mmodzi anawatchula kuti a Padero, ndipo dzina la refuji linathera pomwepo. Anapita kusitolo, anagula shuga, masamba a tiyi ndi kapulana, monga ananenera, n'kukapereka kwa Mariya. M'boti tinawayamika tonse kuti lero ndiye lero. Iwo anakhala kutsogolo, dengu lopanda kanthu lili pamaondo. Zaka zambiri pambuyo pake anandiuza kuti pa masiku onse a malonda awo, limenelo ndilo linali loipitsitsa.

Kuyambira pamenepo, akaphula mapau oyamba a Lachiwiri, ankasankha awiri oyankha bwino n'kuwaika padera pa kakhonde ka uvuni, kudzanja lamanja. Amenewo sankagulitsa ngakhale dengu lithe wogula akulira. Akatsika m'boti ankaima pa mango paja, n'kuodira, n'kusiya mapauwo kwa Mariya, n'kumwa madzi. Kenako Mariya anatsatira mwamuna wake ku Mzuzu, nyumba n'kutsekedwa. Denga linagwa, mbuzi zinayamba kugona pakhonde. A Padero sanasinthe kanthu. Ankaima m'mphepete mwa bwalo, n'kunena odi, n'kudikira pang'ono ngati wina akuvala nsalu m'nyumbamo, n'kuika mapau awiri pakhonde. Ana a pachilumba amene anabadwa pambuyo pake ankati nkhalamba ya ku Mozambiki ija mutu unazungulira.

Mwano sanasiye. Nkhuni zanga anazinyoza mpaka mtolo womaliza. Anakangana ndi ana awo atafuna kuwatengera ku Lichinga, anati iwo si katundu. Anakangana ndi mnyamata wina amene anatsegula bekari ya magetsi a dzuwa n'kumathira mankhwala otupitsa, ngakhale pambuyo pake ndiwo anamuonetsa malo abwino pamsika wa Mbamba. Ophunzira ntchito anabwera angapo, onse anathawa mwezi usanathe. Ndinawafunsa tsiku lina chifukwa chake sanakwatirenso, anati munthu amene analephera kupereka moni kwa mayi mmodzi asavutitse wachiwiri.

Maondo atakana kukwera boti, dengu linkapita ndi ine. Mapau awiri aja ankandipatsa m'manja, okulunga paokha m'tsamba la nthochi. Ndisaname, masiku ena ndinkaona kuti n'kudyetsa mbuzi za eni, ndipo kawiri kapena katatu ndinapatsa ana panjira. Koma nthawi zambiri ndinkachita monga anandiuzira. Ndikabwerako sankafunsa za malonda poyamba.

"Make Tereza, mwaodira?"

"Ndaodira, atate."

"Prontu, basi."

Kenako ankatembenuzira mpando kuchilumba. Tinawapeza atatisiya pampando womwewo Lachitatu lina masana, kapu ili pansi, uvuni ukadali wofunda. Anafuna kuikidwa ku Likoma pafupi ndi mkazi wawo, koma mapepala owolotsera maliro anachuluka, ana anali pa changu, ndipo anagona kuno, kumtunda kwa tchalitchi.

Ana aja abwerera ku Lichinga dzana. Anatenga foni ndi chithunzi cha amayi awo, nyumba anakhoma ndi loko watsopano. Uvuni sanaukhudze, anati adzaona chaka chamawa. Mvula yaung'amba kale pamwamba, ndipo m'kati mwake nkhuku ya kwathu yaikiramo mazira. Kamphika kakuda kaja kali pomwe kanali. Ndinakavundukula, koyamba m'moyo wanga, n'kupeza amake pau atauma gwa ngati dothi. Pa kakhonde ka kudzanja lamanja pali malo awiri osalala, oyandikana, pamene dothi linachita kuwala ndi kuikapo mapau otentha zaka zonsezo. Mpando ana anaulowetsa m'nyumba, koma miyendo yake inasiya maenje anayi pabwalo, oyang'ana kuchilumba.

Njira yanga yopita kudoko imadutsa pomwepo. Lero ndi Lachiwiri. Ndinafika m'mphepete mwa bwalo mtolo uli pamutu, boti likundidikira, ndipo ndinaima. Ndinati odi. Ndinadikira pang'ono, monga ankachitira iwo, kuti mwina wina anyoze nkhuni zanga. Nkhuku inatuluka mu uvuni, inandiyang'ana, n'kubwereramo.